Khoma Lamoto la a Kathumba

Mwambi umene ndakuponyera m'mawa uja, iwe Yotamu, pamene umandidula mawu ndikukulangiza za foni ya kasitomala, unayamba motere. Ikani kaye zida zanuzo pansi nonse ophunzira ntchito inu, magetsi athima ndipo palibe chimene mungawotcherere. Ndikudziwa kuti wina anena kuti mwambiwu ndi wakale kuposa intaneti. Anene. Ine ndikukuuzani mmene ndinaumvera, ndipo amene anandiuzayo sankanama masiku onse.

Kuseri kwa phiri lina ku Dedza kuli chigwa chotchedwa Kanyenda, kumene netiweki ya foni imafika ngati mlendo wamanyazi. Imaima pachulu cha kumtunda kwa msewu, osatsikira kumidzi. Wofuna kuyankhula ndi m'bale wake amakwera pachulupo n'kukweza foni m'mwamba. Mawu amamveka ndithu, koma za zithunzi ndi vidiyo iwalani.

M'chigwamo munkakhala a Levisoni Kathumba, amene anapuma ntchito ya ukalaliki m'boma. Anali munthu wabwino, wosamwa, wopereka moni ngakhale kwa ana. Chilema chawo chinali pakamwa. Ukayamba kuwauza kanthu, kaya ndi za feteleza kaya ndi za maliro a kutsidya, usanafike n'pakati pomwe iwo ankakweza dzanja n'kunena kuti, "Ndadziwa kale." Ankanena mofatsa, akumwetulira, moti unkachita kudzimva wolakwa kuti wawatayitsa nthawi. Akazi awo, a Nachisale, anali atasiya kalekale kumaliza ziganizo. Ankangoyamba, n'kusiyira panjira, n'kupitiriza kusankha tomato wawo wogulitsa.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Etinala, anakwatiwa ku Joni, mumzinda wa Kepitauni, ndi mnyamata waulemu dzina lake Mayeso. Etinalayo ndiye anatumiza anthu a kampani ina kudzakhoma kambale koyera ka intaneti padenga la makolo ake, koyang'ana nsanja ya paphiri. Kuchokera pakambalepo chingwe chinkatsika ndi khoma n'kulowa m'karauta ka pabalaza, ndipo karautako kankamwaza wayifayi m'nyumba monse. Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi, a Nachisale ankakhala pamkeka n'kumaona nkhope ya mwana wawo pafoni mpaka batire kutha. Zinthu zinkayenda bwino chifukwa panalibe amene ankazigwira.

Ndiye kunabwera uthenga woti Etinala wachira, kwabadwa mwana wamkazi. Kumeneko kunali azakhali ake a Mayeso, a Nambewe, mayi amene anapita ku Joni atalongedza mwambo wonse m'chikwama. Iwo analamula kuti mwana akakhala m'chikuta, masiku oyamba aja amene mayi ndi khanda amabindikira m'nyumba, saonetsedwa kwa anthu, ndipo foni nayonso ndi anthu. Chithunzi ayi, vidiyo ayi, mpaka mchombo utagwa. Tsiku lomutulutsa linaikidwa Loweruka masana, pamene abale a kumeneko amakhala atapuma ntchito. Ndipo akuchimuna, mwa ulemu wawo, anati dzina la mwana woyambayu atchule ndi agogo ake aamuna a ku Kanyenda, pa vidiyo, anthu onse akumva.

A Kathumba anakondwa moti mapazi awo anasiya kumva minga. Dzuwa likapendeka ankapita kuseri kwa nyumba, n'kuyang'ana phiri, n'kumaitana maina chapansipansi kuti amve mmene lililonse lingamvekere poitana mwana kuti adzadye. Ankamuona m'maganizo mwanayo atakula pang'ono, akutsika basi pa Khirisimasi atavala nsapato zofiira, akuthamangira kwa iwo kudutsa m'munda wa mbatata, anthu a m'mudzi akufunsana kuti dzina lokongola chonchi anamupatsa ndani. Nthawi zina ankamuona ali wamkulu, atavala za udokotala, dzinalo litalembedwa pachifuwa. Mphepo ya m'phiri inkawabwezera mainawo atafewa, iwo n'kumagwedeza mutu okha.

"Bambo a Etinala, kodi dzinalo mwasankha kapena…" anayamba a Nachisale tsiku lina.

"Ndili nawo angapo m'thumba," anatero a Kathumba. "Koma dzina limatsata nkhope. Ndikangomuona ndidziwa lake."

Bwenzi zonse zitatha bwino pakanapanda wailesi. Tsiku lina m'mawa a Kathumba anamva pulogalamu yonena za akuba a pa intaneti, amene amalowa m'nyumba za anthu kudzera m'mawaya n'kuba zithunzi, ngakhale za ana. Anayang'ana karauta kawo kali phee pashelefu, kopanda loko, kopanda mlonda, ndipo mtima unawawawa. Nkhope ya mdzukulu wawo, imene iwo eni anali asanaione, idutse m'manja mwa mbala? Anavala jekete n'kukwera minibasi ya ku Lilongwe.

M'sitolo ya makompyuta anapeza mayi wina wa magalasi, amene anawamvetsera bwinobwino n'kutulutsa kabokosi kakuda kokhala ndi mabowo anayi kumbuyo.

"Aka amakatcha fayawolo, kunena kwake khoma lamoto," anatero mayiyo. "M'bowo loyambali mulowetse chingwe chochokera pakambale. Lachiwirili ndi lokonzeratu, mukangolumikiza rauta yanu basi zatheka. Awiri enawa ndi ogona. Mukafuna kudzutsa limodzi, muzikumbukira kuti…"

"Ndadziwa kale," anatero a Kathumba.

"Koma bambo, bowo latsopano limabwera lopanda…"

"Mayi, ndagwira ntchito m'boma ine. Kulungani."

Mayiyo anakulunga. Pobwerera a Kathumba anakafungatira kabokosiko pamiyendo, maso ali kuzenera. Pamene anzawo m'minibasimo ankaona minda youma ndi mbuzi, iwo ankaona nyumba yawo itazunguliridwa ndi malawi ataliatali osatentha denga, akuba akubwerera nsidze zitapserera, ndipo pakati pa motowo pali kamwana kagona tulo tabwino. Anapitirira siteji yawo, kondakitala akuwayang'ana, mpaka anachita kubwerera wapansi.

Atafika kunyumba analumikiza laputopu yawo yakale kubowo lachiwiri kuti ayankhule ndi kabokosiko. Chingerezi ankachidziwa, ndipo tsamba limene linatseguka analiwerenga mokweza ngati kalata ya bwana. Kenaka anayamba kuganiza, ndipo apa ndi pamene panagona tsoka. Ngati bowo lachiwiri ndi lokonzeratu, ndiye kuti aliyense wogula kabokosi kotere amagwiritsa lomwelo. Ngati aliyense amalidziwa, akuba nawonso amalidziwa. Munthu wanzeru sabisa kiyi pansi pa mwala wa pakhomo. Choncho anadzutsa bowo lachitatu n'kulowetsamo chingwe cha karauta.

Kabokosiko kanawafunsa kuti bowo latsopanoli alitche dzina lanji. Apa a Kathumba anakhala tsonga. Ntchito yotcha maina inali itawalowa m'magazi sabata imeneyo, ndipo sanafune kuichita mwachibwana. Anatha masana onse akuyesa ili ndi ilo, tiyi akuzizira pambali, mpaka anakhazikika pa dzina loti Linga. Analilemba m'zilembo zikuluzikulu n'kuitana akazi awo kuti adzaone.

Asanatseke tsambalo, diso lawo linagwera pa malamulo a bowo lachiwiri lija. Panali lamulo limene opanga anaikiratu, lonena kuti aliyense wa m'kati atha kutuluka kupita kulikonse. A Kathumba anaseka chapansipansi. Ofesi yanji imene aliyense amangotuluka osasaina? Analifufuta. Pa bowo lawo la Linga anapeza kuti palibe lamulo ngakhale limodzi, tsamba lili mbee, ndipo anati n'zabwino, palibe chofufuta. Musaseke, inunso mumachita zomwezi.

Timagetsi ta pakabokosi tinkaphethira mobiriwira ngati ziphaniphani. A Kathumba anatiyang'ana nthawi yaitali, mtima uli m'malo. Amene anawadzutsa ndi a Nachisale, atagwira foni m'manja.

"Bambo a Etinala, foniyi timizere take ta wayifayi tadzadza tonse, koma uthenga wanga kwa Etinala ukungo…"

"Ndadziwa kale. Ikuzolowera khoma. Ipatseni nthawi."

Anaipatsa nthawi, koma sinazolowere. M'mawa mwake uthenga uja unali pomwepo, kawotchi kakang'ono kali pambali pake. A Kathumba anazimitsa kabokosi n'kukayatsanso. Anazimitsa karauta n'kukayatsanso. Anazimitsa zonse ziwiri, n'kupita kukayendera nkhuku, n'kubwera kudzayatsa mwakachetechete ngati akufuna kuzidzidzimutsa. Anasintha chingwe cha buluu n'kuika chotuwa, kenaka anati mwina chotuwacho chili chozondoka n'kuchitembenuza. Atalephera pansi anakwera padenga ndi makwerero obwereka, n'kupukuta kambale ndi chitenje cha kutchalitchi cha a Nachisale mpaka kanawala. Ali pompo anaona nthambi ya mango imene inkaoneka ngati ikutchinga phiri, ndipo pofika madzulo nthambiyo inali pansi ndi mango ake aawisi.

Tsiku lotsatira kunabwera Mayi Chikuse, aphunzitsi a makompyuta a pasekondale ya kumtunda, kudzagula tomato. Anaona nthambi pabwalo, makwerero pakhoma, ndi zingwe zili mbwee pabalaza.

"Agogo, zikuvuta?" anafunsa. "Ngati ndi fayawolo, kawirikawiri bowo latsopano limangofuna kuti…"

"Ndadziwa kale, aphunzitsi. Zikomo. Ndikungomalizitsa."

Mayi Chikuse anayang'ana a Nachisale. A Nachisale anayang'ana tomato. Aphunzitsiwo anatenga tomato wawo n'kubwerera kusukulu.

Tsiku lomwelo a Kathumba anapeza tsamba lina limene linawasangalatsa kwambiri. Linali lodzaza ndi mizere yofiira, ndipo mzere uliwonse unkanena kuti wina wayesa kudutsa khoma, waletsedwa. Mizereyo inkabwera iwo akuona, wina pansi pa unzake, ndipo yambiri inali ya nambala imodzimodzi yachilendo, ya timadontho pakati.

"Nachisale, bwerani mudzaone akuba," anaitana. "Uyu yekhayu wayesa kambirimbiri. Sakugona ameneyu."

"Nanga akufuna chiyani kwa ife, anthu a tomato?"

"Wamva kuti Loweruka kudutsa nkhope ya mwana. Koma wagwa nayo."

Analemba lamulo lawo loyamba pa bowo la Linga, loletsa nambala imeneyo. Poona kuti mizere yofiira ikubwerabe, analemba lachiwiri loiletsanso, kuti imve bwino. Nambala ina itatulukira, nayonso anailetsa. Ankamva kukoma kumene ankamva kale akamadinda chidindo pa fomu yokanidwa.

Lachisanu anakwera pachulu kukaimbira a kampani ya kambale. Mtsikana amene anayankha anati kwa iwo zonse zikuoneka bwino, kambale kakuyankha, ndipo kabokosi ka m'nyumba kakulandira intaneti mokwanira. A Kathumba anakumbukira kuti n'zoona, kabokosiko kankadziwa nthawi yolondola ndipo kanali katawauza kale kuti kunja kuli pulogalamu yatsopano. Ndiye kuti intaneti inkafika, koma kabokosi kankadya kokha. Mtsikanayo anayamba kufotokoza kuti mwina vuto lili pa malamulo a m'kati, koma inu mukudziwa kale mmene anamuyankhira.

Ali pachulu pomwepo anaimbira mkamwini wawo.

"Bambo, tamva kuti kwanuko netiweki yavuta," anatero Mayeso. "Ngati n'kotheka mungotchula dzinalo pompano pafoni, ife tisunga mpaka mawa."

"Akamwini, munthu satcha dzina mwana amene sanamuone. Si galimoto ameneyo."

"Zoona, bambo. Kapena mwina mubwezere kaye chingwe cha kambale mu rauta mmene chinalili, khomalo mudzali…"

"Kuti mdzukulu wanga adutse panjira wopanda chofunda, akuba ali pakhomo? Ndawaona ndi maso angawa. Inu mawa muimbe basi."

"Azakhali akuti anthu sadzakhalitsa, ena ali ndi ntchito madzulo."

"Ndadziwa kale."

Atatsika kunali kutatentha kwambiri, nyenje zikulira m'mitengo monse. Anakhala pampando wa ndalema pansi pa mango aja, pamthunzi umene unatsala, ndipo tulo tinawaba. Analota ali m'nyumba yaikulu yoyera, ya makoma osalala ngati dzira, aatali mpaka kumitambo. M'katimo munali mozizira bwino, mopanda fumbi, mopanda ntchentche. Kunja kunkamveka amayi akuimba chapatali, ndipo pakati pa nyimboyo pankamveka kamwana kakulira, kulira kochepa kwa khanda limene langodzuka. A Kathumba anaika dzanja pakhoma n'kuyamba kuyenda kulondola kulirako. Anayenda, nayenda, khoma likungokhota pang'onopang'ono, kulira kuli tsidya lina nthawi zonse. M'mwamba munkauluka mbalame zing'onozing'ono zonyamula timapepala kukamwa, zikugunda khoma n'kugwera m'kati momwemo, pamapazi pawo. Anayenda mpaka anapeza mapazi awo omwe pamene anayambira. Nyimbo ija inkapita kutali, ndipo iwo anaima n'kumasisita pulasitala, akudabwa kuti mmisiri wake anali ndani.

Anadzuka thukuta lili kamukamu, n'kuwafotokozera a Nachisale malotowo.

"Maloto amenewo, bambo a Etinala, ine ndikuona ngati akutanthauza kuti…"

"Akutanthauza kuti khoma n'lolimba," anatero a Kathumba. "Ngakhale mbalame sizikudutsa."

Loweruka linafika. A Nachisale anali ataphika thobwa, ndipo anansi anabwera n'kukhala pamabenchi obwereka kutchalitchi, poti nkhani inali itamveka kuti a Kathumba atcha dzina mdzukulu wa ku Joni pa vidiyo. Mwini wake anavala suti ya imvi ndi tayi, nsapato zopolishidwa ngakhale kuti pa vidiyo sizioneka. Foni anaiimika patebulo moitsamiritsa ku chitini cha shuga, ndipo iwo anakhala kuseri kwa laputopu, akuuza anthu kuti kwatsala pang'ono.

Dzuwa linafika paliwombo. Foni inali zii. A Kathumba anazimitsa n'kuyatsa. Mizere yofiira ija tsopano inkathamanga kuposa masiku onse, ndipo iwo anaitana amuna awiri kuti adzaone mmene wakuba uja walusira pa tsiku lenilenilo. Amunawo anagwedeza mitu mwaulemu n'kubwerera ku thobwa. Mthunzi wa nyumba unayamba kutalika. Amayi ena anakumbukira kuti anasiya nyemba pamoto, ena kuti mbuzi sizinamwe. Thobwa litatha, mabenchi anayamba kuoneka matabwa.

A Nachisale anali atakhala pamkeka nthawi yonseyi, maso ali pafoni yakuda ija. Anali ndi chisoni, ndipo pansi pa chisonicho panali mkwiyo wa zaka zambiri. Anaimirira, namanga chitenje, nanena chiganizo chathunthu, chokhala ndi chiyambi ndi mathero omwe.

"Bowo mwalitcha dzina, koma mdzukulu wanu alibe."

A Kathumba anakweza dzanja, koma mayiwo anali atatenga kale foni n'kutuluka. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anakwera pachulu n'kuimbira Etinala, foni n'kumangoitana osayankhidwa. Anaimbira Mayeso, chimodzimodzi. Sanatsikire kunyumba. Anapitirira ndi msewu mpaka kunyumba za aphunzitsi, ndipo dzuwa litapendeka anabwera ndi Mayi Chikuse, amene anali ndi thovu la sopo m'mikono poti anawapeza akuchapa.

A Kathumba anali okha pabalaza, tayi atamasula. Anagwira njakata moti aphunzitsiwo atapempha mpando, anangowasunthira. Mayi Chikuse anayang'ana tsamba la bowo la Linga, nawerenga malamulo onse kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Agogo, apa mwalemba kuti letsa. Apa letsa. Apanso letsa. Nanga pamene mwalemba kuti lola ndi pati?"

"Kulola ndani? Akuba?"

"Kulola a m'nyumba muno kuti atuluke."

"A m'nyumba safuna chilolezo. Khoma ndi la anthu akunja."

"Khoma silidziwa mwini nyumba, agogo. Kabokosi aka khalidwe lake n'loti chimene simunachilole, kamachiletsa. Bowo latsopano limabwera lotsekeka mbali zonse, mpaka mwini wake atalemba lamulo limodzi lotsegula njira. Lachiwirili linali nalo lamulo lotero, koma ndikuona lachoka."

"Linali lotayirira," anatero a Kathumba, koma mawu awo anali atachepa. Kenaka anakumbukira umboni wawo, natsegula tsamba la mizere yofiira. "Nanga uyu? Wakhala akugogoda sabata yonse."

Mayi Chikuse anayang'ana nambalayo. Anapempha foni ya a Nachisale, natsegula penapake, naiika pambali pa laputopu kuti onse aone. Nambala inali yomweyo.

"Wakuba wanuyu ndi foni ya amayi," anatero. "Sankagogoda kuti alowe. Ankagogoda kuti atuluke, akapereke moni kwa Etinala. Winayu ndi foni yanu."

A Nachisale anakhala pansi pang'onopang'ono, nagwira pakamwa.

"Mwamanga nyumba yabwino, agogo, yolimba zedi," anatero aphunzitsiwo uku akufufuta malamulo oletsa aja. "Koma khomo mwaiwala."

Analemba lamulo limodzi lalifupi, nadina batani. Kwa kanthawi sikunachitike kalikonse. Kenaka foni ya a Nachisale inalira kamodzi, kenaka kawiri, kenaka mosalekeza ngati madontho oyamba a mvula padenga la malata. Mauthenga a sabata yonse ankalowa akupondana: moni wa Lachitatu, mafunso a Lachinayi, ndi mndandanda wautali wa mafoni a vidiyo a tsiku lomwelo amene sanayankhidwe. Pansi penipeni panali vidiyo imene Mayeso anajambula n'kutumiza. A Nachisale anaitsegula, ndipo atatuwo anaunjikana mitu.

Munali m'kachipinda kakang'ono kodzaza anthu, amayi atavala zitenje za kwathu konkuno pamwamba pa majuzi. Etinala anakhala pakati atafungata kamtolo ka nsalu yoyera, maso ali pafoni ina imene inkaitana patebulo, n'kuduka, wina n'kuimbanso. Ankaoneka wotopa, ndipo nthawi ndi nthawi ankauza anthu kuti adikire pang'ono, bambo ake sachedwa pa zinthu. Bambo wina anayang'ana wotchi. Mayi wina anayamba kuvala nsapato. Pomaliza a Nambewe anaimirira, mayi wamkulu thupi wa duku lobiriwira, natenga mwanayo m'manja mwa mayi ake.

"Mwana watuluka m'chikuta, sangalowenso m'nyumba wopanda dzina," anatero. "Tadikira, tadikira, agogo ake osabwera. Basi, ameneyu ndi Tadikira."

Nthungululu zinadzaza kachipindako. A Nambewe anavundukula nsalu n'kutembenuzira mwanayo kwa wojambula, ndipo kwa nthawi yoyamba a Kathumba anaona nkhope ya mdzukulu wawo. Anali ndi chipumi chachikulu ngati chawo, ndi timakutu toima ngati tawo, akuyasamula mosasamala za anthu. A Kathumba atangomuona anadziwa dzina limene likanamuyenera mwa onse anali m'thumba aja, monga momwe ananenera. Koma sanalitchule, ndipo palibe amene analimva mpaka lero. Misozi inatsika n'kugwera pa tayi.

"Aphunzitsi," anafunsa patapita nthawi, "inu mwafufuta malamulo anga n'kulemba lina. Kodi dzina silingatero?"

"Za m'kabokosi zimafufutika, agogo," anayankha Mayi Chikuse mofatsa. "Dzina limene anthu aliimbira kale nthungululu, ine sindidziwa batani lake."

Mwanayo anakula ndi dzina lomwelo, ndipo linamukhala bwino. Anabweradi ku Kanyenda pa Khirisimasi ina, akuthamanga m'munda wa mbatata. Agogo ake ankamukonda koposa, koma pomuitana kuti adzadye ankayenera kuima pakhonde n'kufuula, chigwa chonse chikumva, kuti, "Tadikira!" Ndipo nthawi zonse pankapezeka wina kutsidya woyankha chapansipansi kuti, "Ifenso tinadikira, thobwa mpaka kutha."

Koma mwambi weniweniwo unabadwa m'mawa wa tsiku lotsatira Loweruka lija, pamjigo. Amayi amene anathawa mabenchi aja anazungulira a Nachisale, akufuna kumva kuti zinatha bwanji, poti anamva kuti khoma la a Kathumba linali lolimba kuposa onse m'boma la Dedza. A Nachisale anapopa madzi mpaka ndowa kudzaza, anasenza, ndipo asananyamuke anati:

"Kulimba linalimba ndithu. Koma Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo."